Chipani chapeza mavoti 40 pa 100, nanga chikulamula bwanji ku South Africa?

Funso la wowerenga: "Ndimagwira ntchito ku Joni. Pa chisankho cha 2024 anzanga akuntchito anabwera ndi inki pachala, koma nditawafunsa kuti avotera pulezidenti uti, anandiseka, amvekere kuno sitivotera pulezidenti. Kenako ndinamva kuti ANC sinafike theka la mavoti, koma a Ramaphosa ndi amene analumbira. Kwathu wosafika pa 50+1 salumbira. Kodi uku sikubera? Boma lawo limapangidwa bwanji?"

Achimwene, sikubera ayi, ndipo anzanuwo anakuuzani zoona. Ku South Africa kulibe pepala lovotera mtsogoleri wa dziko. Anthu amasankha Nyumba ya Malamulo, ndiye Nyumbayo ndi imene imakhala pansi n'kusankha pulezidenti kuchokera pakati pa aphungu ake. Choncho funso lofunika kumeneko sikuti ndani wapeza mavoti ambiri m'midzi ndi m'matauni. Funso ndi lakuti ndani angasonkhanitse aphungu okwanira kumbuyo kwake pa tsiku losankha, komanso kuwasunga pa tsiku lililonse lomwe Nyumba ikuponya voti pa zaka zisanu zotsatirazo. Nyumbayi ili ndi mipando 400. Nambala yoti muzikumbukira ndi 201.

Pa 29 May 2024 wovota aliyense analandira mapepala atatu. Loyamba linali la dziko lonse, ndipo pamenepo panali zipani zokhazokha. Lachiwiri linali la chigawo chomwe munthuyo amakhala, losankhirabe aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, koma pamenepa pambali pa zipani panalinso anthu oyima paokha. Lachitatu linali la nyumba ya malamulo ya chigawocho, poti zigawo zonse zisanu ndi zinayi zili ndi nyumba yake komanso nduna yake yaikulu. Pepala lachiwirili n'latsopano. Linabwera khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo litagamula mu 2020 kuti kuletsa munthu wopanda chipani kupikisana nawo n'kuphwanya ufulu wake, ndipo lamulo la zisankho linasinthidwa mu 2023. Ngakhale khomo linatseguka, palibe woyima payekha ngakhale mmodzi amene analowa m'Nyumba chaka chimenecho.

Pamene pamasokoneza anthu akwathu ndi pa kagawidwe ka mipando. Ife tinazolowera phungu wa dera: anthu asanu ndi atatu apikisana, amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi ndiye phungu, mavoti a enawo athera pompo. Ku South Africa pa chisankho cha Nyumba ya Malamulo kulibe madera otere. Chipani chimalandira mipando molingana ndi gawo la mavoti omwe chapeza. Mipando 200 imagawidwa m'zigawo potengera kuchuluka kwa ovota. Mu 2024 Gauteng inali ndi 47, KwaZulu-Natal 41, pamene Northern Cape inali ndi isanu yokha. Mipando 200 yotsalayo ndi yofafanizira kusiyana. Bungwe loyendetsa chisankho, la IEC, limaphatikiza mavoti a chipani a pa pepala loyamba ndi lachiwiri, n'kuwerengera kuti pa mipando 400 chipanicho chikuyenera ingati. Kenako limachotsapo mipando yomwe chapeza kale m'zigawo, n'kuchiwonjezera yotsalayo. Tiyerekeze kuti chipani chayenera mipando 40 ndipo m'zigawo chapezamo 22. Chidzapatsidwa 18 kuchokera pa mndandanda wake wa dziko lonse. Mwachidule, mpando umodzi umafuna pafupifupi voti imodzi pa mavoti 400 aliwonse, ndipo palibe mlingo woikidwa ndi lamulo woti chipani chidumphe chisanalowe m'Nyumba. N'chifukwa chake zipani 18 zinapeza mipando.

Zotsatira zinalengezedwa pa 2 June. ANC inapeza mavoti 40 pa 100 aliwonse ndi mipando 159, kutsika kuchokera pa 230 yomwe inali nayo mu 2019. Democratic Alliance (DA), chomwe chinali chipani chachikulu chotsutsa boma, inapeza 87, chipani chatsopano cha MK cha a Jacob Zuma 58, EFF ya a Julius Malema 39, IFP 17, Patriotic Alliance 9, ndipo zotsalazo zinagawana yochepa yochepa, zina mpando umodzi umodzi. Aka kanali koyamba chiyambire 1994 kuti ANC ilephere kufika pa 201 payokha. Inali kupereweredwa mipando 42.

Nanga amene amakhala pa mipandoyo ndani? Chisankho chisanachitike chipani chilichonse chimapereka ku IEC mndandanda wa mayina, woyamba mpaka womaliza. Chikapeza mipando 17, anthu amatengedwa kuyambira pamwamba mpaka mipandoyo itadzaza. Wovota alibe mphamvu yokweza dzina kapena kulitsitsa. Apa pali ubwino ndi vuto lomwe. Ubwino wake ngwakuti mavoti satayika chisawawa, ndipo chipani chikafuna kuika amayi ambiri chimangowasanja bwino pa mndandanda. Vuto lake, lomwe kwa ine ndi lalikulu, ngwakuti phungu amaopa likulu la chipani kuposa munthu wovota. Gawo 47 la malamulo aakulu a dzikolo limanena kuti phungu akasiya kukhala membala wa chipani chomwe chinamutumiza, mpando wake watha. Sipakhala chisankho chapadera. Wotsatira pa mndandanda amangoitanidwa kudzalumbira. Mu August 2024 MK inachotsa aphungu ake oposa khumi atangokhala m'Nyumba masabata ochepa, n'kuikapo ena. Kwathu phungu akakangana ndi chipani amathamangira kwa mafumu ndi anthu a m'dera lake, mawa n'kuyima payekha. Kumeneko alibe kothawira koteroko.

Zotsatira zikangolengezedwa, nthawi imayamba kuthamanga. Malamulo amati Nyumba ikumane pasanathe masiku 14. Masiku amenewa ndi omwe zipani zimakambirana usana ndi usiku. Mu 2024 Nyumba inakumana pa 14 June mu holo yaikulu ya misonkhano ku Cape Town, chifukwa nyumba yeniyeni ya aphungu inapsa ndi moto mu January 2022. Wotsogolera mwambo wa tsikuli ndi mkulu wa oweruza milandu, ndipo panthawiyo anali a Raymond Zondo. Ndondomeko yake siisintha. Poyamba aphungu amalumbira m'magulumagulu. Kenako amasankha sipikala. Anapambana ndi a Thoko Didiza a ANC. Sipikalayo amatsogolera chisankho cha wachiwiri wake, ndipo mpandowu unapita kwa a Annelie Lotriet a DA. Amene ankatsatira mwatcheru anadziwiratu pomwepo kuti zipani ziwirizi zamvana, pulezidenti asanasankhidwe n'komwe.

Pomaliza mkulu wa oweruza uja amaitanitsa mayina a ofuna upulezidenti. Woyimayo ayenera kukhala phungu, dzina lake lilembedwe pa fomu yosainidwa ndi aphungu awiri, iyenso asaine kuti wavomera. Dzina likakhala limodzi, palibe kuvota. Akakhala awiri kapena kuposerapo, aphungu amavota mwachinsinsi, mmodzimmodzi kulowa m'kachipinda ngati wovota wamba. Ngati palibe amene waposa theka la mavoti oponyedwa, wotsalira kwambiri amachotsedwa n'kuvotanso, mpaka wina apose theka. Ndiye taonani kuti 50+1 yomwe mukufunsayo iliko ndithu, kungoti imawerengedwa m'Nyumba osati m'malo oponyera voti. Usiku umenewo a Cyril Ramaphosa anapeza mavoti 283, a Malema 44. Aphungu a MK sanabwere, ponena kuti chisankho sichinayende bwino, koma kusabwera kwawo sikunaimitse kanthu. Anadzalumbira patapita masiku. Wosankhidwayo amasiya uphungu nthawi yomweyo ndipo ayenera kulumbira pasanathe masiku asanu. Mwambowo unachitika pa 19 June ku Union Buildings ku Pretoria.

Zikanakanikiratu, malamulo ali ndi potulukira. Mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu ndipo Nyumba yalephera kusankha wina pasanathe masiku 30, wogwirizira udindowo amayenera kuthetsa Nyumba, anthu n'kukavotanso. Chiopsezo chimenechi n'chomwe chimakankha zipani kuti zimvane, poti palibe chipani chomwe chimafuna kubwerera ku kampeni matumba atauma.

Mavoti 283 aja anachokera ku mgwirizano womwe kumeneko amangoutchula kuti GNU, boma la umodzi. ANC inali ndi njira zingapo. Ikanatha kugwirizana ndi EFF, koma 159 kuphatikiza 39 ndi 198, osakwana. Ikanatha kupita kwa MK, koma MK inanenetsa kuti singakambirane a Ramaphosa ali pampando. Ikanathanso kulamula yokha ngati boma la ochepa, kumapempha mavoti pa bilu iliyonse, moyo wopemphetsa womwe sukhalitsa. Inasankha kuitana aliyense wofuna, ndipo zipani khumi zinasaina chikalata cha mfundo zogwirira ntchito limodzi: ANC, DA, IFP, Patriotic Alliance, Freedom Front Plus, UDM, Rise Mzansi, Al Jama-ah, PAC ndi GOOD. Pamodzi zili ndi mipando 287. Tachotsanipo 87 ya DA muone chomwe chitsale: 200 yeniyeni, kuperewera umodzi. Mukamvetsa samu imeneyi mwamvetsa chifukwa chake ANC ndi DA zimakangana pa wailesi m'mawa, madzulo n'kukhala pa tebulo limodzi la nduna.

Kusankha pulezidenti kunatenga tsiku limodzi, koma kugawana maunduna kunatenga masabata awiri a kukokanakokana, makalata a zipani akutulukira m'manyuzipepala. Nduna zinalengezedwa usiku wa pa 30 June. Pulezidenti ndi amene ali ndi mphamvu yosankha ndi kuchotsa nduna, koma malamulo amamumanga manja pang'ono: wachiwiri wake ayenera kukhala phungu, ndipo nduna zochokera kunja kwa Nyumba zisapitirire ziwiri. DA inapatsidwa maunduna asanu ndi limodzi, kuphatikizapo la zaulimi lomwe linapita kwa mtsogoleri wake wa panthawiyo a John Steenhuisen, ndi loona za m'dziko, lomwe inu mumalidziwa bwino chifukwa ndi lomwe limapereka mapepala okhalira ndi ogwirira ntchito, lomwe linapita kwa a Leon Schreiber. Mtengo wa voti imodzi m'Nyumba yothina muuone apa: GOOD ili ndi mpando umodzi, koma mtsogoleri wake a Patricia de Lille anapatsidwa unduna wa zokopa alendo, PAC nayo ili ndi mpando umodzi, ndipo mtsogoleri wake anapatsidwa unduna woona za malo. Kusangalatsa aliyense kunatupitsa boma mpaka nduna 32, osawerengera achiwiri awo omwe ndi ochuluka kuposa pamenepo. Msonkho wa anthu ndi umene umalipira mtendere woterewu.

Chitsanzo chomwe chimayankha funso lanu bwino koposa chili ku KwaZulu-Natal. Kumeneko MK inaposa zipani zonse kutalitali, mavoti pafupifupi 45 pa 100 aliwonse ndi mipando 37 pa mipando 80 ya nyumba ya chigawocho. Kwathu tikanati apambana, ng'oma zilire. Koma pamafunika 41. IFP ndi mipando yake 15, ANC 14, DA 11 ndi NFP ndi kampando kake kamodzi zinaphatikizana n'kukwanitsa 41 ndendende, ndipo a Thami Ntuli a IFP anakhala nduna yaikulu ya chigawocho. MK inatsala kumbali yotsutsa. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Otsatira MK anawawidwa mtima, ndipo n'zomveka, koma mwa malamulo palibe cholakwika: aphungu 41 ajanso anatumidwa ndi ovota, ndipo pamodzi akuimira anthu ambiri kuposa 37 aja.

Boma lotere likapangidwa silikhala lotetezeka zaka zisanu ngati lakwathu. Gawo 102 limalola Nyumba kuponya voti yosonyeza kuti yataya chikhulupiriro mwa pulezidenti. Aphungu 201 akavomereza, pulezidenti ndi nduna zonse amatula pansi udindo. Sipafunika kuti akhale atapalamula mlandu. Kutaya chikhulupiriro kokhako n'kokwanira. Njira yochotsa pulezidenti chifukwa chophwanya malamulo ndi ina, ya pa gawo 89, ndipo imafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse. N'chifukwa chake mtsogoleri akakanidwa ndi chipani chake amachoka msanga. A Thabo Mbeki anatula pansi udindo mu September 2008 ANC itawauza kuti achoke, Nyumba n'kusankha a Kgalema Motlanthe. A Zuma anatula pa 14 February 2018 voti yowachotsa ili pakhomo, ndipo tsiku lotsatira Nyumba inasankha a Ramaphosa. Maulendo onse awiri dziko linasintha mtsogoleri popanda munthu wamba kupita pamzere.

Pamene migwirizano imagwedezeka kwambiri ndi pa bajeti, chifukwa pamenepo mfundo za zipani zimasanduka ndalama. Mu February 2025 kuwerenga bajeti kunalephereka pa tsiku lake lenileni, nduna zitakanika kumvana pa ganizo lokweza msonkho wa VAT kuchoka pa 15 kufika pa 17 pa 100. Boma linabweranso ndi ganizo lokweza pang'ono, DA inakanabe, ndipo pa 2 April inavota motsutsa ngakhale ili m'boma lomwelo. ANC inapulumuka ndi mavoti 194 kwa 182 chifukwa chothandizidwa ndi zipani zina za kunja kwa mgwirizano, monga ActionSA. Nkhani inafika kukhoti, ndipo kumapeto kwa April kukweza msonkhoko kunathetsedwa. Gwero la mavuto otere ndi lodziwika. Chikalata chomwe zipani zinasaina si lamulo. Chimanena kuti pakakhala kusagwirizana, mfundo idutse pokhapokha zipani zoimira mipando 60 pa 100 ya m'Nyumba zavomereza, koma palibe amene angakakamize mnzake kutsatira, ndipo mbali iliyonse imawerenga mawuwo mokomera iyo. Mgwirizano wolembedwa mothamanga m'masiku 14 umasiya mipata yambiri, ndipo mipatayo imadzaonekera pa ndalama ndi pa maudindo.

Musaganize kuti maiko onse olamulidwa kudzera m'Nyumba ya Malamulo amagawa mipando chonchi. Ku Britain amavota m'madera monga ife, madera 650, woposa anzake ndiye phungu. Pa 4 July 2024 chipani cha Labour chinapeza pafupifupi voti imodzi mwa atatu aliwonse koma chinatenga mipando yoposa 400, pamene Reform UK, yomwe inapeza mavoti 14 pa 100, inangopeza isanu. Kumeneko aphungu savota n'komwe posankha nduna yaikulu. Mfumu imaitana mtsogoleri amene zikuoneka kuti ali ndi aphungu ambiri n'kumupempha kuti apange boma. Pakasowa chipani chofika pa 326, kukambirana kumayamba. Mu 2010 Conservative ndi Liberal Democrats zinapanga boma limodzi patatha masiku asanu. Mu 2017 a Theresa May anasankha njira yopepukirapo: chipani cha DUP cha ku Northern Ireland, cha aphungu khumi, sichinalowe m'boma koma chinalonjeza kuvota nawo pa bajeti ndi pa voti ya chikhulupiriro, posinthana ndi ndalama zowonjezera zopita kudera lawo. Kwa abale athu okhala ku Britain pali kusiyana kumodzi kofunika: nzika za maiko a Commonwealth zokhala kumeneko movomerezeka, kuphatikizapo Amalawi, zimaloledwa kulembetsa ndi kuvota. Ku South Africa amavota ndi nzika zokha, ndiye inu inki ija simungaipake ngakhale mutakhalako zaka zambiri ndi mapepala abwino.

Dziko lathu nalo linayamba ndi dongosolo la mtundu wa Britain. Dr Kamuzu Banda anali nduna yaikulu pamene tinkalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo anakhala pulezidenti mu 1966. Malamulo omwe tikutsatira chiyambire 1994 analekanitsa zinthu ziwirizi: pulezidenti timamuvotera patokha, phungu patokha. Madera anali 193 kwa nthawi yaitali ndipo pa chisankho cha pa 16 September 2025 anafika 229. Lamulo la 50+1 linakhazikika ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, ndipo limakhudza pulezidenti yekha. Phungu amapambanabe ndi mavoti ochepera theka bola waposa anzake. Mu 2004 ndi mu 2014 tinalumbiritsa atsogoleri omwe anapeza mavoti pafupifupi 36 pa 100, ochepera omwe ANC inapeza mu 2024.

Zotsatira za kulekanitsaku n'zakuti kwathu migwirizano imapangidwa chisankho chisanachitike, monga Tonse Alliance mu 2020, pofuna kudutsa 50+1. Pulezidenti akangolumbira safunikanso chilolezo cha aphungu kuti akhale pampando, amasankha nduna kulikonse kumene wafuna, ndipo Nyumba ilibe voti yomuchotsa chifukwa chongotaya naye chikhulupiriro; ingamuchotse pokhapokha pomuzenga mlandu wophwanya malamulo. Koma bajeti ndi mabilu zimadutsabe m'Nyumba, ndiye mtsogoleri wopanda aphungu okwanira amakumana ndi khoma. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, mbali yotsutsa inkakana kukambirana bajeti mpaka sipikala agwiritse ntchito gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lathu pa aphungu omwe anasintha zipani, ndipo bajeti inkachedwa miyezi. Mu 2014 ndi 2019 boma linali la DPP koma sipikala anachokera ku MCP, a Richard Msowoya kenako a Catherine Gotani Hara. Kusaka manambala komwe a ku South Africa amachita poyera m'masiku 14, ndi chikalata chosainidwa, kwathu kumachitika pambuyo pa kulumbira ndiponso mwakachetechete, makamaka ponyengerera aphungu oyima paokha, omwe mu 2014 ndi mu 2019 anaposa 50, kuti akakhale ku mbali ya boma.